Kangolo ka Gofu ndi Njerwa za Dona Marita

"Mwitu bemu, a Zeka, mwitu bemu. Koma ine, mudziwe, ndimafuna chilichonse chilembedwe."

"Mwitu bemu" ndiye "chabwino kwambiri" m'Chipwitikizi, ndipo mawu amenewo muziwamva akutulukira m'mphuno, limodzilimodzi, ngati munthu akutsitsa mazira m'dengu. Ndiye muone kayendedwe kake: chikwama cha mapepala m'khwapa, khosi patsogolo, kukweza mwendo mpaka bondo ngati kakowa m'dambo la mpunga, kuutsitsa mosamala, kuima, kuyang'ana nsapato ngati yadandaula, kenako mwendo winawo. Ameneyo ndiye Sinyoro Bonifasiyo, mlangizi wa zaulimi wochokera ku Kelimane, amene anabwera kudzachita lendi nyumba yathu kuno ku Milanje. Ine ndikamutsanzira pamsika anthu amagwira nthiti, amayi a tomato mpaka kupukuta misozi ndi nsalu. Koma lero musamuseke iyeyo, anzanga. Lero mundiseke ine.

Nyumbayo ndikuti yathu chifukwa ndine mwamuna, koma zoona zake ndi ya akazi anga, amake Rozita. Anaimanga ndi nandolo amene akhala akukankha panjinga kupita naye ku Muloza kwa zaka, lata limodzi chaka chino, chitseko chaka chamawa. Ili pamtunda penipeni pa bairu yathu, kunena mudzi wathu wa m'tauni muno, ukaima pakhonde phiri la Tumbine lili apo ngati ulikhudze. Koma itatha inakhala miyezi yopanda munthu, abuluzi okha kumachita misonkhano m'menemo, ndipo akazi anga anayamba kundiyang'ana ngati abuluziwo ndawaitana ndine.

Tsono ine ndinali ndi chuma changa chimodzi. Mlamu wanga amagwira ntchito ku esiteti ya tiyi tsidya la malire, ndipo mabwana ake anataya kagalimoto kaja amakwera posewera gofu, masewera aja omenya kampira koyera n'kumakalondola dzuwa lonse ngati nkhuku yothawa. Kagalimoto kopanda zitseko, denga ngati ambulera, matayala ngati mandasi. Ndinasinthanitsa ndi mbuzi ziwiri. Kanawoloka malire kakukankhidwa ndi onyamula katundu, ngati zitsulo zakutha, ndipo sikuti linali bodza, kanali kakuthadi. Ndinakapezera mabatire akale kwa ogulitsa masola, mabuleki anandikonzera mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo wa mango, n'kumangira waya wa njinga yakapalasa. Kanadzuka! Kosalira n'komwe, kumangoti syeee ngati mzukwa. Ndikadutsa nako pamsika a njinga zakabaza ankavula zipewa.

Ndiye Sinyoro Bonifasiyo atabwera kudzaona nyumba n'kuyamba kunena zoti kwinakwake waona ina ya matailosi, ine mtima unati phaa, ndinangomva pakamwa panga pakuyankhula pokha: "Sinyoro, ya matailosiyo ili ndi galimoto? Ino mukalowa, kangolo aka ndi kanu. Kuofesi, kumsika, osatuluka thukuta."

Anakazungulira katatu ndi mwendo wake wa kakowa uja. Anagogoda tayala ndi cholembera.

"Seguru ilipo?"

Seguru, kwa inu a tsidya lino la Ruo ndi a tsidya ilo, ndi ija ena amati inshulansi, pepala loti galimoto yako ikagunda munthu kapena katundu wa eni, kampani ndiyo ilipire. Ndimaidziwa bwinobwino, sindinganame kuti sindinamve. Akazi anga anali chiimire pakhomo, manja m'chiuno, maso ali pa ine. Inu mukadatani?

"Ilipo!" ndinatero, ndi chifuwa chonse. "Kodi ine ndingayendetse galimoto yopanda seguru?"

Munthu uja anakhala pansi n'kulemba kontiratu masamba atatu, m'Chipwitikizi cha kusukulu yapamwamba. Ine sukulu yanga ndi ya kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ndinalekeza sitandade folo chifukwa ine ndi masamu tinadana. Anandimasulira mfundo ziwiri, chala chili m'mwamba: yoyamba, kangoloko kakawononga chinthu seguru ya mwini nyumba ndiyo idzalipire, yachiwiri, palibe wina wokayendetsa koma iye yekha, "ngakhale inuyo, a Zeka." Ndinasayina ndi mchira wautali wokhotakhota ngati nduna. Kiyi ndinamupatsa. Winayo ndinamusunga m'thumba la jekete la ukwati, osati mwa chinyengo ayi, kungoti munthu sataya mwana wake yense.

M'mawa mwake ndinati ndikonze bodza langa lisanduke zoona. Ndinapita pa kanyumba kena pafupi ndi malire pamene amagulitsa seguru kwa a magalimoto odutsa. Ndinapeza mayi wamagalasi akudya chinangwa chokazinga.

"Livireti ili kuti?" anafunsa, kunena kabuku ka galimoto.

"Ilibe."

"Nambala ya kutsogolo ndi kumbuyo?"

"Pali nambala seveni m'mbali, yopenta."

"Bambo, ndi galimoto?"

"Pang'ono."

"Njinga yamoto?"

"Iyayi, matayala ndi anayi."

"Thirakitala?"

"Mayi, musakanyoze."

Atafunsa za mabuleki ine n'kutchula waya wa njinga, anatsamwa ndi chinangwa, n'kuitana mnzake wa kuseri kuti adzamve yekha. Atatha kuseka anavula magalasi n'kundiuza mwaulemu ndithu kuti chinthu chopanda mapepala sangachilembe, ndiyambe ndapita nacho kwa akuluakulu a zamsewu akachione ngati n'choyenera kuyenda pakati pa anthu. "Ndipo mumve, bambo: chinthu chimene mwabwereketsa pamodzi ndi nyumba chikapweteka munthu, sasaka amene anakwera yekha ayi, amabwera kwa mwini wake. Ndinuyo." Ndinathokoza, ndinatuluka, ndinagula nzimbe, ndipo pofika kunyumba malangizo aja ndinali nditawalavula pamodzi ndi makoko.

Sinyoro atafunsa pepala lija, ndinatenga envulopu yakhaki, ndinaikamo pepala la seguru ya njinga yamoto imene ndinagulitsa Rozita asanayambe kuyenda, ndinamata ndi phala, ndinamuonetsa patali ngati mmene amaonetsera mwana wakhanda kwa munthu wachimfine. "Ili muno, Sinyoro, ndaimata kuopa chiswe." Anagwedeza mutu. Munthu wokhulupirira anzake ngati ameneyo sindinamuonepo, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Miyezi iwiri zinayenda bwino. Iye ankapita kuofesi ali khosi njo pa kangolo kanga, liwiro la kamba, akafika kunyumba n'kuika mwala kunsi kwa tayala chifukwa anaona yekha kuti bulekiyo ndi yamwano. Akazi anga anayamba kundithirira shuga wambiri mu tiyi.

Kenako mwana wa achemwali anga anati akukwatiwa. Tsono inu mukudziwa kwathu kuno: chinthu cha matayala, tsiku la ukwati kapena la maliro, sichikhala cha munthu mmodzi. Ungakane bwanji? Mawa ukamwalira adzakunyamula ndani? Achemwali anabwera n'kukhala pamphasa. "Achimwene, mkwatibwi akwera kagalimoto kanu kaja, ndauza kale akuchimuna." Ine kuti ndinene kuti kali m'manja mwa eni, kontiratu ikukaniza? Pamaso pa mlongo wanga? Ndinati, "Akwera! Ndiyendetsa ndekha, muikemo maluwa."

Vuto linali loti miyezi iwiri ndinali ndisanagwire chiwongolero, ndiye ndinati ndiyeserere kaye. Sinyoro Bonifasiyo anali atapita ku Mongwe Lachisanu kukaona alimi ake, kubwera kwake Lamulungu madzulo. Lamulungu m'mawa ndinagwira pamimba, ndinabuula kawiri, akazi anga anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kupita kutchalitchi okha. Bairu yonse zii, agalu okha. Ndinavala jekete la ukwati lija, poti kiyi anali momwemo komanso munthu uyenera kuyeserera ndi zovala zake, ndinakwera mtunda, ndinachotsa mwala, ndinakhala pampando ngati kazembe.

Poyamba zinali zokoma, abale. Kamphepo kayaziyazi, ine kumabayibitsa mitengo ya nthochi, kumayeserera kumwetulira kwa pa ukwati. Ndinati ndingotsika pang'ono ndi kanjira kolowera kudambo n'kutembenuka. Kanjira kaja kanayamba kupendekeka. Kangolo kanayamba kukondwa. Ndinaponda buleki pang'ono, palibe. Ndinaponda ndi mtima wonse, ndinangomva thapu! Waya wa njinga uja wabwerera kwa makolo ake.

Mayo ine! Mumadziwa kuti kamba amathamanga? Mitengo inayamba kudutsa ngati ikuthawa ngongole ya boma. Ndinatulutsa mwendo kuti ndikwekwese pansi, nsapato inapita yokha kumunda kwa eni. Ndinakoka kachitsulo kena pansi pa mpando, kangolo kanangoyamba kulira pii pii pii koma osaima. Nkhuku zinali kudya pakati pa njira, sizinamve kanthu poti chinthucho chilibe injini yolira, ndiye hutala ndinasanduka ndine: "Chokaniii! Ndafa ineee! Amake Rozitaaa!" Ndinaitana oyera mtima onse amene ndimawadziwa, atandithera ndinayamba kuitana mayina a amalume anga.

Kumunsi kwa njirayo ndi kwa Dona Marita, mayi wamasiye wa pakamwa ngati lumo, amene mwezi wonse anakhala akuumba njerwa ndi manja ake kuti amangire mwana wake nyumba. Zinali zitauma, zitasanjidwa bwinobwino kudikira moto. Nditaona mulu uja ukukula pamaso panga, ndinaganiza za mkwatibwi, ndinaganiza za kontiratu, kenako ndinaganiza za mano anga, ndinadumpha.

Kangolo kanakalowa mu njerwa, khuuu! Fumbi kobo mpaka kumwamba. Ine ndinagubuduzika n'kukaima m'tchire la m'mbali mwa njira, wamoyo, mafupa onse ali m'malo mwake. Ndinati zikomo Ambuye. Ndisanamalize "amen" ndinamva khosi likuyaka, kenako msana, kenako malo ena amene sinditchula poti pano pali amayi. Ndinayang'ana m'mwamba: chitedze! Chakupsa bwino, chili lendelende pamutu panga ngati mphatso.

Munthu wanzeru akanakhala pompo n'kudikira eni ake. Ine ndinasolola kiyi, ndinakatola nsapato yanga ija, ndinadzera m'munda wa chinangwa ndikukwawa, kunyumba, kusamba, phulusa, mafuta ophikira, chilichonse, n'kugona pamphasa kuyambiranso kubuula za m'mimba. Kubuula kwa ulendo uno kunali koona.

Anthu atatuluka m'tchalitchi ndinamva mfuu ya Dona Marita, anayamba m'Chinyanja, anadutsa m'Chipwitikizi, anakamalizira m'Chilomwe, ndipo m'zinenero zonse zitatu munalibe dalitso. Ndinaona kuti ndikapanda kupita ndikayikitsa. Ndinapita, ndinaima pakati pa gulu, manja kumbuyo, kumadzikanda ndi chigongono mobisa, ndipo m'malo motseka pakamwa, ine mwana wa mayi anga ndinafuula kuposa onse:

"Ndani wachita zimenezi? Anthu alibe chisoni! Njerwa za mayi wamasiye!"

Anthu anangondiyang'ana. Ndinaganiza kuti akugoma ndi mtima wanga wabwino.

"Mwina Sinyoro anaiwala kuika mwala," ndinawonjezera, poti mdyerekezi akakugwira sakusiyira panjira. "Kanatsetsereka kokha."

"Kokha eti?" anatero akazi anga. "Nanga mukuvinavina chiyani?"

"M'mimba."

"M'mimba mwasamukira kumsana?"

Madzulo ake Sinyoro Bonifasiyo anafika pa njinga yamoto, fumbi la ku Mongwe lili m'nsidze. Ataona kangolo kali mphuno mu njerwa anaika chikwama chake pansi, koyamba chibwerereni. Anagwira mutu. "Ine ndimaika mwala masiku onse... koma Lachisanu ndinali pa changu. Kapena ndinaiwaladi." Anapita kwa Dona Marita n'kupepesa atagwira chipewa pachifuwa. Ine chitedze chinandiluma kawiri.

Lolemba masana tinaitanidwa kwa a sekeretale a bairu, a Paulino, munthu wonenepa wokonda kuseka amene amaweruza milandu akusenda mtedza. Anthu anadzaza bwalo ngati kuli kanema. Dona Marita anafotokoza za msana wake, za madzi amene anatunga kudambo, za mvula imene ikubwera mwana wake alibe pogona. Sinyoro anaimirira, anatsegula kontiratu.

"Mwitu bemu. Kulakwa ndi kwanga, ndavomera. Koma mayi musalire, a Zeka ndi munthu wadongosolo, kangoloka kali ndi seguru. Kampani ilipira zonse. A Zeka, envulopu ija."

Ndinati ndaiwala kunyumba. Akazi anga anapisa dzanja m'nsalu. "Ndakutengerani, bambo."

Mkazi ameneyu! A Paulino anang'amba envulopu, anatambasula pepala lachikasu ngati tsamba la fodya, analiyang'ana kutsogolo, analitembenuza, anayika mtedza pansi.

"A Zeka, kangolo kanu kali ndi matayala angati?"

"Anayi."

"Pano alemba awiri."

"Enawo ndinawonjezera pambuyo pake."

"Ndipo pepalali linatha ntchito mwana wanu Rozita ali kumbuyo. Pano Rozita ali ndi mwana wake kumbuyo."

Bwalo lonse linaphulika. Ine ndinaseka nawo pang'ono kuti zioneke ngati nthabwala, thukuta lili kamukamu, ndipo thukuta pa chitedze, anzanga, ndi petulo pa moto. Yekhayo amene sanaseke ndi Sinyoro Bonifasiyo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osakwiya, ndipo bola akanakwiya. Anatseka chikwama chake pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti miyezi iwiri ndakhala ndikudutsa pakati pa ana asukulu ndi chinthu chopanda seguru. Chikanagunda mwana?" Mawu ake sanatulukire m'mphuno tsiku limenelo. "Chabwino. Mwala ndinaiwala ndine, njerwa za mayiwa ndilipira ndine. Koma nyumba ija ndituluka mwezi ukatha. Sindingagone m'nyumba ya munthu amene amandinamiza."

Ndinayang'ana akazi anga. Iwo anangoyang'ana kumtunda kumene kuli nyumba yawo, malata aja amene anawakankhira panjinga limodzilimodzi. Kenako anayang'ana ine. Ndinayang'ana Sinyoro, munthu wosalakwa akufunafuna cholembera kuti asayinire mlandu wanga. Msana ukuyaka, khosi likuyaka, m'khwapa mukuyaka, ndinaona kuti zonse ziwiri sindingazisunge, kuyabwa ndi bodza. Ndinadzuka, ndinavula malaya pamaso pa bairu yonse, ndinayamba kudzikanda ndi manja awiri ngati nyani, ndikufuula:

"Ndine! Ndinachotsa mwala ndine! Kiyi wina ali m'jekete langa! Ndinayendetsa ndine, ndinadumpha ndine, seguru kulibe, sinakhalepo, ndipo wina andikande pakati pa msanapa chifukwa sindikufikapo!"

Nkhuku ina inadutsa pakati pa bwalo.

Dona Marita anatembenukira kwa a Paulino. "Ndinakuuzani kuti safika Lachiwiri asanaulule."

"Mumadziwa?" ndinafunsa, dzanja lili kumsana.

"Bambo," anatero akazi anga, "tchalitchi chathu chili tsidya la dambo ndipo mawindo ake alibe magalasi. Akatekisiti anasiya kuwerenga pakati pa vesi. Mpingo wonse unali pawindo. Munanditchula dzina katatu, mutavala jekete limene munandikwatira nalo."

Anthu anagwa pansi, a Paulino mtedza unawamwazikira, ngakhale Sinyoro Bonifasiyo anatembenukira kumbali mapewa akugwedezeka. Iye yekha ndiye sankadziwa, ndipo akazi anga anapita kukamugwadira kupepesa kuti anamusiya ausenze mlandu usiku wonse. Ati ankafuna aone ngati mwa mwamuna wawo mwatsala kamunthu. Sinyoro anati nyumba akhalabe, chifukwa cha amake Rozita osati ine, koma chinthucho chisadzaonekenso pabwalo pake ngakhale chitavala maluwa.

Mkwatibwi anapita ku ukwati pa njinga yakabaza, ine ndinali kudambo kuponda dothi la Dona Marita, iwo atakhala pampando kumandiuza kuti njerwa zanga n'zopindika ngati nkhani zanga. Ndiye ndikulumbira pamaso panu nonse: ndikadzabwereketsanso nyumba, munthu adzapeza makoma, denga ndi chitseko basi. Chilichonse chogubuduzika, kaya wilibala, kaya dzungu, adzabwere nacho yekha.